Kanthu ka m'Fupa la Cipriano

Munthuyo anafika Lachiwiri masana, mvula itangokata. Anatulukira ku njira ya ku Chiputo, njira imene nthawi ya dzinja ngakhale ng'ombe zimaikana, matope ali mpaka m'mawondo, kathumba ka saka kali paphewa. Sanaodire n'komwe. Anangokhala pansi pa nkhokwe yathu, n'kuvula nsapato zake zong'ambika, n'kumayang'ana mapazi ake ngati ndi a munthu wina.

Chinali chaka cha 1986. Kumudzi kwathu, kuseri kwa Malowera, tinali titaleka kufunsa alendo kumene akuchokera. Ukafunsa umadziwa, ndipo ukadziwa, tsiku lina a mfuti amadzakufunsa iweyo. Amayi anangotunga madzi m'chikho n'kunena kuti, "Zeferina, kawapatse." Ndinagwada, iye analandira ndi manja awiri, koma sanamwe msanga. Anayamba wasamba m'manja, chala chimodzichimodzi, pansi pa zikhadabo, mpaka m'zigongono. Timadzi totsalato ndi timene anamwa. Munthu wa ludzu la ulendo satero. Ndinazisunga mumtima.

"Tizikuitanani ndani, bambo?" anafunsa amayi.

"Mário."

"Nanga mfunda?"

"Mário chabe, mayi."

Amayi anayang'ana imvi za m'ndevu zake, kenaka anaponya maso kumunda kwathu kumene udzu unali utatalika kuposa chimanga. "Khasu mumalidziwa?"

"Ndiphunzira."

"Ha! Imvi zonsezi, khasu kudzaphunzirira kwa ine? Chabwino. Muzigona m'nyumba iyo yopanda chitsekoyo."

Nyumbayo inali ya amalume anga, amene anali atathawira ku Zambia chaka cham'mbuyo. Amayi anamulandira mlendoyo chifukwa udzu unali utatiposa mphamvu. Pakhomo pathu panali mwamuna mmodzi yekha, mwamuna wanga Cipriano, ndipo mwendo wake unali utayamba kumukana.

Cipriano anabwera chikamwini kuchokera kufupi ndi Fíngoè, zaka ziwiri izi zisanachitike. Nyumba yathu anamanga yekha, ndipo anasiya kazenera kakang'ono kum'mawa chifukwa ndinali nditamuuza kuti ndimakonda kuona nthanda ikamatuluka. Ankati nkhondo ikadzatha adzapita nane ku Tete ndikaone mlatho wa pa Zambezi. Mlatho umenewo ndinali nditauwoloka kale kambirimbiri m'maganizo mwanga, nditavala nsalu ya kapulana yatsopano, iye akuimba mluzu kumbuyo kwanga. Ndinali ndi zaka makumi awiri, ndipo zinthu zotere zinkandikwanira.

Koma tsopano tinali anthu awiri osagona. Masana Cipriano ankalima ndithu, akutsimphina pang'ono mwendo wakumanzere. Dzuwa likangolowa, msongolo wake unkayamba. Ankati zili ngati munthu akuboola fupa ndi msomali wamoto, mosafulumira, kupumira, n'kuyambanso. Ankaluma nsalu kuti apongozi ake asamve kubuula kwake, popeza mkamwini salira pakhomo pa eni. Ine ndinkathowa mwendowo ndi madzi otentha, ndinkaumanga ndi luzi, ndinkapemphera korona mpaka mawu kusokonekera m'kamwa. Kukamacha ululu unkatsika, ife n'kunyamula makasu maso ali psuu. Nthanda ndinkaiona tsiku lililonse, koma ndinali nditaleka kuikonda.

Mwendowo sunali vuto lokhalo. Chaka chathacho, nthawi yotentha tchire, a mfuti anandipeza kudambo pamodzi ndi amayi ena anayi, n'kutisenzetsa matumba a ufa. Ndinasowa masiku asanu ndi anayi. Ndinasenza, ndinamenyedwa kamodzi chifukwa choyenda pang'onopang'ono, ndinagona pakati pa akazi anzanga, kenaka anatiuza kuti tizipita. Palibe china chimene chinandichitikira. Mawu amenewa ndawanena kambiri moti ngakhale m'makutu mwanga anayamba kumveka ngati bodza.

Tsiku limene ndinabwerako ndinkangofuna kukhalanso mkazi wa pakhomo panga. Ndinathyola nkhwani, ndinaphika, ndinathira mchere ndi dzanja langa, Cipriano n'kudya. Sindinaganize zodikira kuti akuluakulu ayambe andikonzera mankhwala. Kwathu amati mkazi akagona ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, amamudula. Matenda ake ndi mdulo: miyendo imatupa, chifuwa chimagwira, munthu amafota mpaka kufa. Patapita miyezi iwiri anthu anaona kuti Cipriano akutsimphina, ndi kuti pa msongolo pake patukuka pang'ono. Anawerenga miyezi, anakumbukira nkhwani uja, ndipo nkhani inayenda yokha mpaka kukafika kwawo.

Kuyambira pamenepo dzanja langa linaletsedwa kukhudza mchere. Mchere wake unali wochepa, wa m'kabotolo ka mankhwala, wogula ndi nkhuku kwa anthu odutsa kuchokera kumalire. Ndikaphika ndinkaitana amayi kuti adzathire, ine nditaima pambali ngati mlendo pamoto panga pomwe.

Sabata imene Mário anafika, uthenga unali utabwera kale kuchokera kwa a Marcelino, amalume ake a Cipriano. Anati adzafika Loweruka lachiwiri. Ndikadzatchula mwamuna amene ndinagona naye, adzakonza mankhwala a mdulo ndipo ukwati udzakhala. Ndikadzakana, adzamutenga mwana wa mlongo wawo, akafere kwawo. Ine ndinalibe wondiyankhulira. Nkhoswe yanga inali amalume aja a ku Zambia.

Mário analidi wosadziwa khasu. Tsiku loyamba anadula mapesi asanu ndi awiri, ndinawawerenga. Cipriano, amene sankasekanso kawirikawiri, anaseka mpaka kutsamira mpini.

"Akulu, chimene timasiya ndi chimanga. Udzu ndiye timachotsa."

"Zonse n'zobiriwira, achimwene."

"Kwanu mumadya chiyani, miyala?"

"Kwathu chimanga chimabwera chili kale m'mbale."

Ndinkamuyang'ana mozemba. Usiku ndikamathowa mwendo, maganizo ankathawira kwa iye, ndipo ndinkamupangira mbiri. Tsiku lina anali wansembe amene wavula mkanjo chifukwa cha mkazi. Tsiku lina anali mphunzitsi amene sukulu yake inatenthedwa. Kathumba kake sankakasiya, ngakhale popita kuthengo. Ndipo ndinaona kuti Cipriano akamayenda patsogolo mu mzere, maso a mlendoyo sankachoka pa mwendo uja.

Lachisanu ndinawapititsira madzi kumunda. Ndinawapeza atakhala pamthunzi wa msuku, Cipriano atapinda buluku mpaka pabondo. Sanandione msanga, ndipo ine ndinaima kuseri kwa chulu, chidebe chili pamutu.

"Lozani ndi chala chimodzi pamene pamapweteka," anatero Mário.

Cipriano analoza osafunafuna. "Apa."

"Sipasuntha?"

"Pomwepa tsiku lililonse."

Mário anadina pamenepo ndi chala chachikulu, Cipriano n'kudumpha. Anadina m'munsi, anadina m'mwamba, sipanachitike kanthu. Anayeza katumba ka mwendo wodwalawo ndi zikhatho zake, n'kuyezanso ka mwendo winawo. Zala zake zinkayenda ngati zakhala zikuchita zimenezi moyo wonse.

"Kutentha thupi?"

"Ayi."

"Kutsokomola? Magazi?"

"Ayi."

"Chakudya chimalowa?"

"Chikapezeka."

"Mukamwa kachasu?"

"Anandipatsapo kuti ndigone. Kunali ngati ndathira palafini pamoto."

Mário anagwedeza mutu ngati munthu amene wakumana ndi mnzake wakale panjira. "Zinayamba liti? Musandiuze tsiku limene anthu anaona. Mundiuze tsiku limene munamva inuyo."

Cipriano anazula udzu n'kuyamba kuutafuna.

"Chaka chimene ndinkafunsira mbeta," anatero motsitsa. "Kanali kakang'ono. Usiku wina kamabwera, usiku wina ayi. Ndinkatuluka panja ngati ndikukataya madzi, n'kukakhala kuseri mpaka kaleke."

"Musanakwatire?"

"Nyumba ndisanamange n'komwe."

"Akazi anu akudziwa?"

"Ndikananena, apongozi akanandilandira? Mkamwini wa mwendo umodzi alimira ndani? Ndiye nkhani ya mchereyi itabwera ndinati ndinene mawa, ndinene mawa..."

Chidebe chinanditsetsereka. Madzi anandikhuthukira pamsana, onse awiri n'kutembenuka. Miyezi isanu akazi akundilozerana ndi milomo kuchitsime, miyezi isanu ndikuima pambali amayi akuthira mchere, mwamuna amene ndinkamuthowa usiku uliwonse ali nacho m'kamwa chondimasula. Ndinkayembekeza kuti ndikuwa. Koma mphamvu yokuwira ndinalibe. Ndinatola chidebe n'kubwerera kuchitsime.

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa litangolowa ndipo ululu utayamba, Mário anaodira pakhomo pathu koyamba. Anatulutsa m'kathumba muja kachitini ka fodya. M'katimo munali timibulu toyera, tokutidwa ndi thonje.

"Ndi aspirina," anatero. "Adyeko kanthu kaye, kenaka amwe tiwiri."

Ndinali ndisanamuyankhule Cipriano kuchokera kumunda. Ndinamupatsa mbatata yozizira ndi madzi osamuyang'ana. Anamwa. Ndinaika mphika wa madzi othowera pamoto monga mwa masiku onse. Madziwo asanawire n'komwe, ndinamva nsalu ija ikugwa kuchoka m'kamwa mwake.

"Nankhoma," anandiitana ndi mfunda wanga. "Kaleka."

Sindikumbukira kuti ndinagona bwanji. Ndinadzidzimuka kuwala kwa dzuwa kutalowa kale pa kazenera, m'nyumba muli zii, ndipo ndinaganiza kuti wafa. Ndinaika khutu pachifuwa pake. Anali m'tulo, pakamwa pali yasa, dovu likutsikira pamphasa.

M'mawa umenewo ndinamupeza Mário kuseri kwa khola akunola khasu molakwika. Ndinakhala pansi chapatali.

"Bambo, ndinu sing'anga?"

"Ndine wopalira chimanga cha amayi anu."

"Amuna anga akudwala chiyani?"

Anayang'ana uku ndi uku, kenaka anaika khasu pansi. "Si mdulo. Mdulo umene anthu amanena umatupitsa miyendo yonse, umagwira chifuwa, munthu satha nawo zaka zitatu akulima. Ichi ndi kachotupa ka m'kati mwa fupa, kakang'ono ngati nzama. Fupa limakazinga, limakhuthala pamenepo, ndiye kutukuka mukuonaku. Katumba kaphwa chifukwa mwendowo amausunga poyenda. Kamabwera kwa anyamata kawirikawiri, kamaluma usiku, ndipo aspirina amakagonetsa ngati mwathira madzi pa khala."

"Kamachokera kuti?"

"Palibe akudziwa. Ngakhale madotolo. Sikuti anaponda kanthu, sikuti anagwa, sikuti wina anamuchita. Kamangomera."

"Afa?"

"Ndi kameneka ayi. Si chotupa chija chimadya munthu. Sikayenda m'thupi, sikakula kuposa pamenepa. Kunena zoona ndilibe makina ojambulira mafupa, ndiye sindingalumbire pa Baibulo. Koma zizindikiro zonse zili pamalo pake."

"Ndiye katha liti?"

Apa anapumira m'mwamba. "Kukanakhala mtendere, ku Tete amang'amba pang'ono n'kukakolopola, munthu m'mawa mwake amadzuka wopanda ululu. Popanda zimenezo kamazima kokha, ngati chitsa chonyeka m'munda. Zaka zitatu, zisanu, ena kupitirira. Iye wadya kale zitatu."

Zaka. Ndinayang'ana manja anga osuluka ndi madzi otentha. "Timibulu tatsala tingati?"

"Khumi ndi kamodzi. Tikatha muzituma anthu opita kumalire. Asamamwe m'mimba muli mopanda kanthu."

Ndinasendera pafupi. "Loweruka la sabata ya mawa kukubwera a Marcelino. Mudzawauze zimene mwandiuzazi."

"Ayi."

"Bambo, ndilibe nkhoswe."

"Adzandifunsa kuti ndazidziwa bwanji." Anatolanso khasu lija. "Amuna anu ali ndi pakamwa, anene okha kuti zinayamba liti. Ine simunandione, kachitini simunakaone. Ndakupemphani, mwana wanga."

Sabata imeneyo tinagawa timibulu ngati mbewu, kamodzi usiku uno, mawa osamwa. Cipriano anandipepesa katatu. Kachitatuko anagwada, mwendo wodwalawo atautambasulira kumbali chifukwa sunkapindika bwino, ndipo ankaoneka woseketsa moti ndinamukhululukira pang'ono. Analonjeza kuti adzanena zonse pamaso pa amalume ake.

A Marcelino anafika Loweruka dzuwa lili pamutu, akukankha njinga yopanda tcheni. Anali munthu wamfupi, wouma, korona ili m'khosi. Sanali munthu woipa. Nkhondo inali itawalanda kale ana awiri a mlongo wawo, ndipo Cipriano ndiye anali wotsala. Tinayala mphasa pabwalo. Amayi anakhala mbali ina atafulatira pang'ono mkamwini wawo, ine pambali pawo. Mário anali pansi pa nkhokwe, akusema mpini, mutu uli pansi.

"Pinda buluku," anatero a Marcelino. Anauyang'ana mwendowo, kutukuka kuja ndi katumba kophwa. "Mwendo uwu ndinausiya wonenepa."

"Amalume," anayamba Cipriano, "pali chimene sindinanene. Mwendowu unayamba ndisanakwatire. Ndinabisa kuopa kukanidwa. Mkazi wanga alibe mlandu."

A Marcelino anamuyang'ana mwachisoni. "Chaka chimene unkafunsira unkagona m'nyumba mwanga. Unandisenzera matumba a mtedza kuchokera kudimba. Sindinamve kubuula."

"Ndinkatuluka panja."

"Miyezi isanu uli chete, lero ndabwera ine ndiye wakumbukira?" Anatembenukira kwa amayi. "Mayi, mwana wanu wamudyetsa chiyani mnyamatayu? Akufa, koma akumuikirabe kumbuyo."

"Mwana wanga sadyetsa anthu mankhwala," anatero amayi. "Tonse pano ndife a tchalitchi."

"Inenso ndine wa tchalitchi. Tchalitchi sichiletsa mwendo kutupa." Anandiyang'ana ine, ndipo mawu awo anafewa. "Nankhoma, sindikukuweruza. Tonse tikudziwa zimene a mfuti amachita. Sunafune iwe. Koma mankhwala sagwira popanda kuulula. Tchula, ngakhale dzina limodzi, ngakhale la ntchedzera limene ankaitanana kumeneko. Tikonze mankhwala, amwe, ine ndibwerere ndekha. Ukakhala chete, mawa m'mawa ndimukweza panjingayi."

"Palibe anandikhudza," ndinatero.

"Masiku asanu ndi anayi?"

"Palibe."

"Ndiye mawa m'mawa."

Ndinayang'ana nyumba yathu, udzu wa padenga umene ndinamweta ndekha iye akufolera. Ndinali nditatopa. Ndinatopa ndi madzi otentha, ndi chitsime, ndi liwu lakuti palibe. Ndinaganiza kuti dzina ndi kanthu kakang'ono. Panali mnyamata wina wa mfuti amene anzake ankamuitana kuti Kambalame, amene sanandiyankhulepo ngakhale kamodzi. Ndikanangotchula ameneyo. Ndinkadziwa kuti mankhwalawo sadzachiza mwendo, ndi kuti mwendo ukadzapitiriza adzabweranso kudzafunsa dzina lachiwiri. Komabe mawa Cipriano akanadzuka pambali panga.

"Analipo wina," ndinayamba. Amayi anandigwira mkono. Cipriano anati, "Zefa, usatero." Ine ndinapitiriza, "Ankamuitana kuti..."

"Mayiyu akufuna kunama."

Mawuwo anachokera kunkhokwe. Mário anali ataimirira, zipalapala za mpini zili pa buluku. Anabwera pang'onopang'ono, anaomba m'manja monga mwa ulemu, n'kukhala pansi penipeni, kunja kwa mphasa.

"Awa ndi ndani?" anafunsa a Marcelino.

"Waganyu," anatero amayi. "Sadziwa n'khasu lomwe."

"Pepani polowerera nkhani ya eni," anatero Mário. "Koma mukawanamitsa mayiwa, mwendo sudzamva. Mnyamatayu alibe mdulo."

Ndipo anawafotokozera zonse zimene anandiuza kuseri kwa khola, za nzama ya m'fupa, za ululu wa usiku, za kachasu, za zaka. Anamuuza Cipriano kuti aloze ndi chala chimodzi. Anawapempha a Marcelino kuti agwire mwendo winawo aone ngati watupa, amvere chifuwa ngati chikulira. A Marcelino anagwira. Anakhala nthawi dzanja lili pachifuwa cha mwana wa mlongo wawo. Kenaka Mário anatsegula kachitini.

"Timeneti ndikutidziwa," anatero a Marcelino. "Timagonetsa dzino, timagonetsa mutu. Kugonetsa ululu si kudziwa matenda."

"Zoona. Koma ululu wa fupa wotha zaka zitatu sugona ndi timibulu tiwiri madzi asanawire. Ndi kanthu aka kokha kamene kamatero."

"Mwakaonapo?"

"Kawiri."

"Kuti?"

Ntchentche inatera pa dzanja la Mário, iye osaiingitsa.

"Mwaona?" anatero a Marcelino. "Mumayankhula bwino, bambo, ndipo mtima wanga ukufuna kukukhulupirirani. Ndani angafune kuti mwana wake akhale ndi mdulo? Koma ndikafika kwathu ndekha, mlongo wanga akandifunsa kuti mwana wanga ali kuti, ndikati chiyani? Kuti ndamusiya chifukwa waganyu wa pansi pa nkhokwe wati safa? Munthu wopanda mfunda sayimira mboni pa nkhani ya ukwati. Mwendo ukadzakula, ndidzafunefune ndani?"

"Nanga mutadziwa?"

"Mundiuze kumene munaphunzira, mundipatse dzina loti ndinyamule. Likakhala dzina la munthu woti n'kumufunsa, mwanayu ndimusiya, ndipo nkhani ya mchere ithera pamphasa pano. Ndanena pamaso pa apongozi ake."

Mário anayang'ana ku njira ya ku Chiputo, kumene anachokera, kenaka ku njira ina yotsikira kumalire. Ndinaganiza kuti akuyeza kuti ndi iti yaifupi. Ndinafuna kumuuza kuti asiye, kuti dzina la Kambalame likadali m'kamwa mwanga ndipo silingaphe munthu. Koma sindinanene. Mulungu andikhululukire, sindinanene.

"Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi chimodzi kuchipatala chachikulu ku Tete," anatero, mawu ali pansi. "Ndinali enfermeyiru, namwino wa m'chipinda chong'ambira anthu, wopatsira madotolo mipeni. Tizotupa tiwiri ndanena tija ndinatinyamula ndi dzanja ili m'kambale. Kenaka ananditumiza ku posito ina, kachipatala ka kumudzi. Zaka zitatu zapitazo a mfuti anafika kumeneko, anatenga mankhwala, anatenganso ine. Ndakhala kuthengo ndikusoka anthu awo. Ndathawa mvula itayamba. A kuthengo akundifuna chifukwa ndinathawa. A kutauni akundifuna chifukwa ndinakhalitsa kuthengoko."

Amayi anachita chizindikiro cha mtanda. Cipriano anali atagwira pakamwa.

A Marcelino anasisita korona yawo nthawi yaitali. "Ndikuuzeni zoona, bambo. Dzinalo sindingalisunge ndekha. Ndiyenera kukauza mlongo wanga ndi akuluakulu a kwathu, apo ayi sakandimvera. Ndipo kwathu n'kufupi ndi Fíngoè, kumene kuli makutu ambiri. Sabata siitha lisanamveke."

"Ndikudziwa."

"Mukhoza kukhala chete. Sindikukakamizani."

"Ndatopa nako kukhala chete," anatero mlendoyo. Anatseka kachitini kaja, n'kukakankhira pamphasa mpaka kanagunda bondo langa. "Tatsala tisanu ndi tiwiri, mayi. Ndiwo za madzulo ano muthire nokha mchere, amalume adye."

Kenaka anawongola msana, anapukuta manja pa buluku, n'kuwayang'ana a Marcelino m'maso.

"Mukawauze kuti mwamusiya m'manja mwa mkazi wake pa mawu a Virgílio Daka."